Mafunso ndi mayankho: kusankha throttle ndi makebulo ake pa njinga yamoto yachikale

Njinga zamoto zachikale monga Triumph Bonneville, Norton Commando, BSA Gold Star kapena Honda CB750 yoyambirira zilibe kompyuta pakati pa dzanja ndi injini. Mukapotokola chogwirira chakumanja, chimene chimatchedwa throttle, waya wa m'kati mwa kebulo amakoka kachitsulo m'kati mwa kabuleta, mpweya ndi petulo n'kulowa, basi. Poti dongosolo lake ndi losavuta chonchi, ambiri okonza njingazi amalisiyira kumapeto, ndalama zitathera ku penti ndi mapisitoni, n'kungotola throttle iliyonse imene yawasangalatsa m'maso. Mayankho ali m'munsimu atsamira kwambiri pa njinga za ku Britain za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, chifukwa n'kumene kuli zambiri zoti munthu asankhe, koma za ku Japan, Germany, Italy ndi America zilimonso.

Ndiyambire pati posankha?

Yambirani ku kabuleta, muzibwerera cha ku dzanja. Chogwirira ndiye chomaliza kugula.

Pali zinthu zitatu zimene kabuletayo ikuuzeni. Choyamba, makabuleta alipo angati, ndipo iliyonse ili ndi kebulo yakeyake kapena onse amakokedwa ndi chitsulo chimodzi? Triumph TR6 ndi BSA A65 Thunderbolt zili ndi kabuleta imodzi, pamene abale awo Bonneville T120 ndi A65 Lightning ali ndi awiri. Triumph Trident ya 1968 ili ndi atatu, koma amamangiriridwa pa chitsulo chimodzi chokokedwa ndi kebulo imodzi yokha. Chachiwiri ndi kutalika kwa ulendo wa waya kuchoka pamene kabuleta yatsekeka kufika pamene yatseguka yonse. Makabuleta a Amal, Mikuni VM ndi Dell'Orto ali ndi kachitsulo kokwera ndi kutsika kamene amakaniko amati slide, ndipo kamayenera kukwera pafupifupi mofanana ndi kukula kwa khomo la kabuletayo. Amal Concentric 930 ili ndi khomo la mamilimita 30, 932 la mamilimita 32, 626 la mamilimita 26. Chachitatu ndi mphamvu ya sipuling'i imene imabweza slide pansi, chifukwa ndi imene dzanja lanu lizilimbana nayo ulendo wonse.

Mukadziwa zitatuzi, ma throttle ambiri a m'sitolo amadzichotsa okha pa mndandanda.

Kodi throttle iliyonse ingalowe pa mahandulo anga?

Ayi. Njinga zambiri za ku Britain ndi Japan zili ndi mahandulo a 7/8 ya inchi, omwe ndi mamilimita 22.2. Za Harley-Davidson ndi Triumph zambiri za m'ma 1950 zili ndi a inchi yathunthu, mamilimita 25.4. Ena a ku Ulaya ndi mamilimita 22 enieni, ndipo kusiyana kochepako nthawi zina kumachititsa kuti throttle izizungulira pa handulo ngakhale mwamanga masikuluwu mpaka kumapeto. Yezani ndi vernier, chida choyezera kukula kwa paipi molondola. Musadalire chaka cha njinga, poti njinga ya zaka makumi asanu yadutsa m'manja ambiri ndipo mahandulo ndi amene amayamba kusinthidwa.

Onaninso kutalika kwa mbali yowongoka ya handulo. Pa mahandulo afupi omangirira ku mafoloko, amene amakonda anthu a café racer (njinga zosinthidwa kuti zifanane ndi za mpikisano), malo amachepa msanga mukayika throttle, chogwirira buleki ndi switch. Labala wa chogwirira chakumanja amakhalanso ndi bowo lalikulupo kuposa wakumanzere, chifukwa amavala pamwamba pa paipi ya throttle, ndiye musagule awiri ofanana.

Njinga yanga ili ndi makabuleta awiri. Ndisankhe makebulo awiri ochokera ku dzanja, kapena imodzi yogawikana pansi pa thanki?

Apa ndi pamene eni njinga za ku Britain amakanganirana kwambiri, ndipo fakitale ya Triumph yeniyeniyo inagwiritsapo njira zonse ziwiri pa Bonneville m'zaka zosiyanasiyana.

Njira yoyamba ndi ya throttle yokoka makebulo awiri nthawi imodzi. Kebulo iliyonse imachoka ku dzanja mpaka ku kabuleta yake popanda cholumikizira pakati. Ubwino wake ndi woti zigawo n'zochepa ndipo dzanja limamva bwino chimene chikuchitika ku slide. Kebulo imodzi ikaduka panjira, silinda inayo imakufikitsani kunyumba, mwapang'onopang'ono koma mufika. Kuipa kwake kumachokera pa kutalika. Makebulo awiri aataliwo amadutsa pakhosi pa njinga, pamene pamapindika nthawi iliyonse mukakhota, ndipo sapindika mofanana. Wina akakokeka pang'ono kuposa mnzake, slide imodzi imatsogola, injini n'kumalira mosagwirizana. Amatanukanso mosiyana pakapita nthawi, choncho mumakhalira kuwalinganiza.

Njira yachiwiri ndi ya kebulo imodzi kuchoka ku dzanja, imene imalowa m'kapaipi kotchedwa junction box pansi pa thanki. M'katimo muli kapisitoni kamene kamakoka makebulo awiri aafupi opita ku makabuleta. Norton Commando inkatuluka ku fakitale ndi dongosolo limeneli. Poti makebulo aafupiwo sagwedezeka mukakhota, makabuleta akalinganizidwa amakhalitsa ali choncho. Pakhosi pamadutsa kebulo imodzi yokha, ndipo throttle yake ndi yosavuta kupeza. Koma junction box imabisika pamalo amene anthu saonapo kawirikawiri. Imalowa madzi ndi fumbi, kapisitoni kamayamba kukakamira, zivindikiro zake zapulasitiki zimang'aluka zikakalamba. Ilinso ndi malire a ulendo: ngati kapisitoni kamayenda mamilimita 28 okha pamene slide ikufuna 32, kabuleta sidzatseguka yonse ngakhale mutapotokola dzanja mpaka kuwawa. Ambiri amene amadandaula kuti njinga yawo yatha mphamvu ikafika pa liwiro lalikulu amathamangira kusintha majeti (timabowo todutsa petulo mu kabuleta), chonsecho vuto lili m'kapaipi aka.

Kwa njinga yoyendera pamsewu masiku onse, ine ndimakonda junction box yachitsulo yabwino, yomangiriridwa kuti isalendewere, ndipo muziitsegula n'kuipukuta nthawi iliyonse mwachotsa thanki. Makebulo awiri ndi abwino kwa amene ali ndi mahandulo afupi, kumene ulendo wa kebulo ndi waufupi ndi wowongoka, komanso kwa amene satopa kugwira sipanala.

Nanga makabuleta awiriwo ndimawalinganiza bwanji ndikamaliza kuyika?

Pali ntchito ziwiri zosiyana zimene anthu amaziphatikiza. Yoyamba ndi kutalika kumene slide iliyonse imakhala throttle itatsekedwa, ndipo izi zimakonzedwa ndi sikuluwu yoyimitsira slide ya m'mbali mwa kabuleta. Yachiwiri ndi yoti maslide onse anyamuke nthawi imodzi mukangoyamba kupotokola, ndipo izi zimakonzedwa pa ma adjuster, timasikuluwu tokungira kapena kumasulira kebulo, pamwamba pa kabuleta. Chotsani zosefera mpweya, ikani chala pa slide imodzi, inayo muziiyang'ana, kenako potokolani pang'onopang'ono. Ena amalowetsa timitengo tiwiri tofanana kapena madrili awiri ofanana pansi pa maslide n'kuona ngati nsonga zake zikugwedezeka limodzi. Mukasiya throttle muyenera kumva kugunda kumodzi, osati kuwiri kotsatizana. Geji ya vacuum ndi yabwino koposa ngati mapaipi olowera ku injini ali ndi pomangira.

Quick action throttle imatsegula msanga. Kodi imawonjezera liwiro?

Siwonjezera ngakhale pang'ono. Kabuleta ikatseguka yonse yatseguka yonse, kaya mwafikapo ndi theka la kupotokola kapena kotala. Chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa mmene dzanja likuzungulira.

M'kati mwa throttle muli kagudumu kamene waya amazengapo. Kagudumuko kakakula, kamakoka waya wambiri pa kuzungulira kochepa. Tiyerekeze kabuleta ya mamilimita 30. Kagudumu ka mamilimita 28 m'mimba mwake kali ndi mamilimita pafupifupi 88 kuzungulira konse, ndiye kuti mukoke mamilimita 30 mufunika madigiri pafupifupi 123. Kagudumu ka mamilimita 36 kali ndi 113 kuzungulira, ndipo ulendo womwewo umatha pa madigiri 95. Ka mamilimita 44 kamautsiriza pa madigiri osafika 80. Masamu omwewa muwagwiritse ntchito pa throttle iliyonse musanagule.

Koma palibe chaulere apa. Kagudumu kakakula, dzanja limafunika mphamvu yochuluka kuti likoke sipuling'i yomweyo, ndipo kugwedezeka pang'ono kwa dzanja, monga mukagunda bampu, kumatsegula slide kwambiri. Pa mpikisano izi n'zomveka, chifukwa wokwera safuna kusiya chogwirira n'kugwiranso kachiwiri potuluka pakona. M'tauni, pamvula, muli ndi munthu kumbuyo, njinga imangodumphadumpha.

Pali chinanso chimene ogulitsa satchula. Amal Monobloc ndi Concentric zilibe kapampu kopopera petulo wowonjezera mukatsegula mwadzidzidzi. Slide ikakwera msanga injini ikadali pa liwiro lotsika, mpweya umayenda mofooka pamwamba pa jeti, sukoka petulo wokwanira, ndipo injini imatsamwa kaye isanadzuke. Throttle yapang'onopang'ono imabisa khalidwe limeneli chifukwa dzanja silitha kutsegula msanga choncho. Mukayika yofulumira limaonekera poyera, mwini n'kuyamba kuimba mlandu kabuleta yosalakwa. Makabuleta a Dell'Orto PHM ndi PHF, amene ali pa Ducati 900SS, BMW R90S ndi Moto Guzzi Le Mans, ali nako kapampuko, koma ambiri ali ndi masipuling'i olimba kale, moti kuwonjezera kagudumu kakakulu kumatopetsa dzanja pa ulendo wautali.

Kumene quick action ili ndi ntchito yeniyeni pamsewu ndi pa kabuleta yaikulu kwambiri, monga Amal GP ya inchi imodzi ndi theka ya pa Gold Star DBD34, pamene throttle wamba ingafune kuti mugwire kawiri musanafike kumapeto. Pa 350 kapena 500 ya kabuleta ya mamilimita 26 kapena 28, ndalamayo gulirani kebulo yabwino.

Bwanji njinga za ku Japan zili ndi makebulo awiri ngakhale kuti onse akupita pamalo amodzi?

Imodzi ndi yotsegula, inayo ndi yotseka. Mukabweza dzanja, kebulo yachiwiriyo imakoka makabuleta kuti atsekeke ngakhale sipuling'i italephera kapena slide itakakamira. Honda CB750 ya 1969 inayamba ndi kebulo imodzi yogawikana panayi, kabuleta iliyonse ndi waya wake, ndipo inali yolemera kudzanja komanso yovuta kulinganiza. Pa mtundu wotsatira, K1, Honda inayika chitsulo chimodzi chonyamula maslide onse anayi, choyendetsedwa ndi makebulo awiri a kutsegula ndi kutseka.

Ngati njinga yanu inabwera choncho, isiyeni choncho. Ena amachotsa kebulo yotsekayo kuti mahandulo aoneke oyera, ndipo njinga imayenda ndithu, mpaka tsiku limene injini ya masilinda anayi idzakane kutsika liwiro mukuyandikira mphambano. Komanso simungayike dongosololi pa Amal kapena Mikuni VM wamba, chifukwa pamenepo waya amalowa mwachindunji mu slide ndipo waya wofewa sangakankhe kanthu. Pa makabuleta otere chitetezo chanu ndi sipuling'i yabwino, slide yoyenda momasuka, ndi batani lozimitsira injini limene chala chingafikire dzanja lisanachoke pa handulo.

Pansi pa throttle yanga ya Amal pali kasikuluwu kokhala ndi nati. N'kachiyani?

N'kolimbitsira throttle kuti isabwerere yokha. Njinga zambiri za nthawi imeneyo zinalibe ma indicator, ndiye wokwera ankatambasula dzanja lamanja posonyeza kuti akukhota, ndipo sankafuna kuti injini ifooke pomwepo. Kamathandizanso potenthetsa injini m'mawa. Masiku ano kamasuleni mpaka throttle izibwerera yokha mukaisiya, kenako mangani natiyo kuti kasagwe. Mukagwa ndi njinga throttle ili yomangidwa, tayala lakumbuyo limapitiriza kuzungulira pafupi ndi mwendo wanu.

Yanga ndi two-stroke ya Yamaha. Pali chosiyana?

Chilipo, poti two-stroke ndi injini yowotcha oyilo pamodzi ndi petulo, ndipo kulakwitsa kwake kumadya injini. Kuyambira m'ma 1960 Yamaha inayika pampu ya oyilo yotchedwa Autolube, Suzuki inali ndi yake ya CCI, Kawasaki nayonso yake. Kuchuluka kwa oyilo amene pampu imatumiza kumadalira liwiro la injini komanso mmene throttle yatsegukira, choncho pa Yamaha kebulo ya throttle ili ndi nthambi yopita ku pampuyo. Pa RD350 kebulo imodzi imagawikana patatu: makabuleta awiri ndi pampu. Pa DT125 ndi AG100, zimene ambiri ku Malawi ndi Zambia amazidziwa chifukwa cha alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe a kumidzi, imagawikana pawiri.

Mukagula kebulo yopanda nthambi ya pampu, injini idzalira bwinobwino poima, koma pampu idzakhala ikupereka oyilo wochepetsetsa ngakhale muli pa liwiro lalikulu, ndipo pisitoni idzagwira. Mukasintha throttle kapena kebulo, onetsetsani kuti zizindikiro za pa gudumu la pampu zikukumana monga buku la njingayo likunenera. Ena amachotseratu pampu n'kumasakaniza oyilo mu petulo. Pa Yamaha zambiri izi zimatheka, koma pa Suzuki za CCI pampu imathira oyilo mwachindunji ku mabering'i a crankshaft, ndiye kuichotsa osasintha china m'kati ndi kuwapha ndi ludzu.

Ndachotsa Amal, ndayika Mikuni. Throttle yakale igwirabe ntchito?

Chogwiriracho nthawi zambiri chimagwira, koma kebulo ayi. Kamutu ka kumapeto kwa waya, ulusi wa adjuster ndi kutalika kwa waya wotuluka kunja kwa paipi yake zimasiyana pakati pa mitundu iwiriyi. Eni Commando ambiri amachotsa ma Amal awiri n'kuyika Mikuni VM imodzi ya mamilimita 34 kapena 36. Pamenepo junction box imachoka, kebulo imakhala imodzi, dzanja limapepukidwa, koma ulendo wa waya umatalikirapo. Musanalize injini, potokolani mpaka kumapeto n'kupisa chala m'kamwa mwa kabuleta: slide iyenera kubisika yonse m'mwamba. Ndipo chimene chikuimitsa ulendowo chikhale throttle, osati slide kugunda chivindikiro cha kabuleta, apo ayi mphamvu yonse ya dzanja lanu imathera pa kamutu ka waya mpaka kadzazuke.

Throttle yanga ndi yolimba, nthawi zina imakakamira. Ndigule yatsopano?

Dikirani kaye, chifukwa kawirikawiri chogwirira si chimene chalakwa. Masulani kebulo ku kabuleta n'kuyesa chigawo chilichonse pachokha.

Throttle yopanda kebulo iyenera kuzungulira mopepuka. Ikalimba, onani ngati labala sakukhuza bokosi la throttle kapena nsonga ya handulo, zimene zimachitika njinga ikagwapo kapena labala akakankhidwa mopitirira. Handulo ya dzimbiri kapena ya penti yokhuthala pansi pa paipi ya throttle imachitanso chimodzimodzi. Kenako kokani waya ndi zala. Mukamva kukhakhala, ndiye kuti tingwe tina taduka m'kati, ndipo imeneyo ndi yotaya, osati yothira oyilo.

Zonsezi zikakhala bwino, vuto lili mu kabuleta. Pa Amal Concentric zakale, thupi la kabuleta ndi slide zonse ndi za chitsulo chofewa cha zinc, ndipo zitsulo zofanana zikamakhuzana zimadyana msanga. Choipa kwambiri ndi kumanga mopitirira manati awiri ogwirizira kabuleta ku injini. Thupilo limapindika pang'ono, bowo la slide silikhalanso lozungulira bwino, ndipo slide imakakamira makamaka injini ikatentha, nthawi zambiri ili pamwamba. Kuyika sipuling'i yolimba kumangobisa matendawa n'kulemetsa dzanja. Mankhwala ake ndi kuwongola thupilo, kulivekera paipi yatsopano m'kati, kapena kugula kabuleta ina. Amal ikupangidwabe ndi kampani ya Burlen ku Salisbury, ku England, ndipo mtundu wake wa Premier uli ndi slide ya aluminiyamu yolimbitsidwa kunja, imene inapangidwira vuto lomweli.

Nanga BMW, Harley-Davidson ndi Indian zakale?

Izi zili ndi njira zawozawo, ndipo throttle wamba ya m'sitolo siziyenera popanda kusintha zambiri. BMW za masilinda awiri opingasa, monga R75/5, zili ndi timagiya m'kati mwa throttle: paipi ya chogwirira ili ndi mano amene amazunguza kagudumu kena, ndipo kagudumuko kamakoka katcheni kolumikizidwa ku makebulo. Mano akadyeka throttle imalumpha, ndipo mumasintha ziwiri zonse pamodzi. Pobwezeretsa pali zizindikiro zoti zikumane, apo ayi makabuleta satseguka onse. Gilisi pang'ono pa manowo amasintha kwambiri kamvekedwe kake kudzanja.

Harley-Davidson za m'ma 1940 ndi 1950 zili ndi waya wolimba wodutsa m'kati mwa handulo, amene amakankha ndi kukoka kabuleta ya Linkert. Palibe sipuling'i yobweza, throttle imakhala pamene mwaisiya. Chogwirira chakumanzere nachonso chimazungulira, koma ntchito yake ndi kusintha nthawi ya moto wa pulagi. Indian, imene fakitale yake ya ku Springfield inatsekedwa mu 1953, inkayika zinthu mosemphanitsa: throttle kumanzere, moto wa pulagi kumanja. Eni ake ena amasinthanitsa kuti zifanane ndi njinga zina zimene amakwera, ndipo kwa munthu wosinthasintha njinga ndi nzeru, chifukwa pangozi dzanja limachita zimene linazolowera.

Kebulo ndigule yopangidwa kale kapena ndipange ndekha?

Ngati njinga ili ndi mahandulo, throttle ndi kabuleta za ku fakitale, gulani yopangidwa kale potengera nambala yake. Mukasintha chimodzi mwa zitatuzi, konzekerani kuyeza. Miyeso yofunika ndi iwiri: kutalika kwa paipi yakunja, ndi kutalika kwa waya amene amatsala kunja mukamukokera mbali imodzi. Wachiwiriwu ndi umene anthu amaiwala. Waya akafupika ndi mamilimita ochepa chabe, slide sifika pansi ndipo injini imakuwa ikangolira. Akatalika, adjuster imathera panjira throttle ikadali yolobodoka. Makampani ngati Venhill ku England amapanga kebulo pa miyeso imene mwawatumizira, amagulitsanso zida zoti munthu apange yekha.

Popanga nokha, ntchito yonse ili pa kamutu. Lowetsani waya, tambasulani tingwe take kumapeto kuti tidzaze kadzenje ka m'kamutuko ngati tsache, kenako thirani solder (chitsulo chofewa chosungunula polumikiza) ndi flux (mankhwala omuthandiza kugwira) yoyenera mpaka alowerere. Solder yekha sagwira, chimene chimagwira ndi tingwe totambasukato. Musatenthe waya ndi lawi mpaka kufiira chifukwa amafooka, ndipo solder asayenderere kutali m'waya, poti pamene waumapo ndi pamene adzathyokere. Tsukani flux mukamaliza, imadya chitsulo. Timitu tomangira ndi sikuluwu n'tabwino kusunga m'thumba la zida kuti mufike kunyumba, osati kuyendera chaka chonse.

Makebulo amakono ambiri ali ndi nayiloni kapena PTFE m'kati ndipo safuna oyilo. Oyilo wina amafufumitsa nayiloniyo kebulo n'kulimba kuposa kale. Akale opanda kanthu m'kati ndi amene amafuna kudonthezeredwa oyilo wopepuka nthawi ndi nthawi.

Kebulo idutse pati, ndipo ilobodoke bwanji?

Idutse mokhota pang'onopang'ono, kutali ndi mutu wa injini ndi paipi ya utsi, ndipo thanki isaipsinje mukaibwezera. Musaimange zolimba ku felemu ndi timalamba tapulasitiki, imafunika kutsetsereka pang'ono mahandulo akamazungulira. Throttle zina zimatulutsa kebulo pansi, zina kutsogolo, zina motsatira handulo, ndipo kusankha yolakwika kumakakamiza kebulo kupinda mwamphamvu pomwe yangotuluka, pamene makebulo ambiri amadukira. 

Chogwirira chizisewera mamilimita 2 kapena 3 waya asanayambe kukoka. Kenako lizani injini, isiyeni pa idle, ikulira yokha osapotokola throttle, tembenuzani mahandulo mpaka kumapeto kumanzere ndi kumanja. Kulira kwa injini kusasinthe ngakhale pang'ono. Kukakwera, kebulo ndi yaifupi kapena yakodwa penapake, ndipo njingayo isatuluke pageti.

Kodi throttle ya njinga zatsopano zotchipa, ngati za kabaza, ingagwire pa njinga yachikale?

Pa njinga yaing'ono ya kabuleta imodzi ndi mahandulo a 7/8, monga Honda CG125 yakale, nthawi zambiri imalowa, ndipo kumene zida za njinga zachikale sizipezeka imakuyendetsani. Zoti muyang'ane ndi ziwiri. Ma throttle amenewa anapangidwira makabuleta aang'ono, ndiye ulendo wake sungakwanire kabuleta ya mamilimita 30. Komanso ambiri amabwera pamodzi ndi bokosi la ma switch lokhala ndi kachitsulo kolowa m'bowo la pa handulo. Mahandulo a ku Britain alibe bowolo. Boolani handulo pamalo oyenera m'malo modula kachitsuloko, chifukwa bokosi lapulasitiki lopanda chogwirira limazungulira limodzi ndi dzanja.

Ndikufuna njinga ioneke monga inatulukira ku fakitale. Ndingasinthe chiyani osaononga maonekedwe ake?

Zambiri zimene zimapepukitsa throttle sizioneka ndi maso. Kebulo yokhala ndi nayiloni m'kati imaoneka chimodzimodzi ndi yakale, slide yolimbitsidwa ili m'kati mwa kabuleta, junction box ili pansi pa thanki. Chooneka ndi chogwirira chokha, ndipo pa njinga ya ku Britain mayina oyenera nthawi yake ndi Amal ndi Doherty, pa ya ku Italy ndi Tommaselli, pa ya ku Germany ndi Magura. Zongotengera maonekedwe a mayinawa zilipo zambiri ndipo zina n'zosalongosoka: kanjira ka waya kamakhala kokhakhala, ulusi wa masikuluwu umatha mukangomanga kawiri. Yakale yeniyeni yotsukidwa bwino nthawi zambiri imaposa yatsopano yotchipa, bola bowo lokhalamo kamutu ka waya lisakhale litakula ndipo magawo awiri a bokosi lake azikumana bwino.

Amene muli ku Britain, kumbukirani kuti kuyambira 2018 njinga yopitirira zaka 40 imene sinasinthidwe kwambiri siikakamizidwa kupita ku MOT, kuyezedwa kwa chaka ndi chaka koona ngati ili yoyenera pamsewu. Lamulo limafunabe kuti ikhale yoyenera pamsewu, koma palibenso woyeza amene chaka ndi chaka adzagwira throttle yanu n'kukuuzani kuti ikukakamira. Musanalize injini, ipotokoleni mpaka kumapeto, isiyeni, mumve slide ikugunda pansi, mahandulo ali pakati, kumanzere, kenako kumanja.